Kudzitulutsira buku kapena kulipereka ku kampani: amaika ndalama ndani, ndipo amatenga chiyani?

Masiku ano mwezi sutha mu Lusaka osamva kuti wina akukhazikitsa buku. Abusa akulemba, aphunzitsi opuma pantchito akulemba, achinyamata a ndakatulo nawo ali mkati, komanso amayi amene adutsa m'zowawa ndipo akufuna kuti anzawo atolepo phunziro. Pa Facebook zotsatsa zili mbwee. Ena akuti bweretsani zolemba zanu, buku lituluka m'milungu iwiri. Ena akuti tikuikirani pa Amazon kuti dziko lonse likuwerengeni. Munthu amene wamaliza kulemba, nkhani yake ili phee mu kompyuta, mutu umaima. Kodi ayenera kulipira kapena kulipidwa? Buku likatuluka, mwini wake ndani? Nanga anzake amene anapita ku makampani odziwika aja anapeza chiyani chimene wodzitulutsira yekha sachipeza?

Mayankho a mafunso onsewa amachokera pamalo amodzi. Amene waika ndalama pa buku ndiye amaluza bukulo likapanda kuyenda malonda, ndiponso ndiye amakhala ndi mawu pa mmene lipangidwire, mtengo wake ndi kumene ligulitsidwe.

Ntchito zimene wowerenga saziona

Buku lisanafike m'manja mwa wowerenga limadutsa m'manja ambiri. Pali mkonzi, amene amawerenga zonse n'kukuuzani kuti mutu wachinayi ukubwereza zimene mwanena kale m'mutu wachiwiri, kapena kuti mwana amene anamwalira patsamba 30 akuyankhulanso patsamba 90. Pali wina wosaka zilembo zolakwika. Pali woyala masamba, wojambula chikuto, wopeza nambala ya buku, wosindikiza, wosunga makatoni, wopititsa mabuku ku masitolo, wolengeza, ndi wotolera ndalama. Mwini makina osindikizira amagwira ntchito imodzi yokha pa zonsezi. Mukam'patsa zolakwika, adzakusindikizirani zolakwikazo bwinobwino makope onse amene mwalipira.

Kampani yofalitsa mabuku ndi imene imasonkhanitsa ntchito zonsezi ndi kuzilipira. Kudzitulutsira buku ndiye kuti inuyo mwasanduka kampaniyo: ntchito iliyonse mudzaigwira nokha kapena mudzalipira woigwira.

Amene anakulira kum'mawa, ku Katete kapena ku Petauke, amaudziwa ulimi wa thonje wa pangano. Kampani imakupatsa mbewu ndi mankhwala, msika ulipo kale, koma mtengo amaika ndi iwo ndipo thonjelo sungagulitse kwina. Mnzako wa dimba la tomato amagula yekha mbewu, amalipira yekha galimoto mpaka ku Soweto Market, ndipo ndalama yonse ndi yake. Akapeza msika utadzaza, tomatoyo amamuwolera yekhanso. Alimi awiriwa onse amatha kupindula ndipo onse amatha kulira. N'chimodzimodzinso olemba mabuku.

Njira ya kampani

Njirayi ndi yakale kuno kwathu. Mu 1948 boma la atsamunda linakhazikitsa Northern Rhodesia and Nyasaland Publications Bureau, yomwe inkagwira ntchito muno mu Lusaka n'kumatulutsa mabuku a Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi ndi zilankhulo zina. Dziko litalandira ufulu, mu 1966 kunabwera Kenneth Kaunda Foundation, ndipo nthambi yake yotchedwa Neczam ndi imene inatulutsa mabuku ambiri amene makolo athu anawerenga kusukulu. Bungweli ndi limene lero likutchedwa Zambia Educational Publishing House. Msika wa mabuku utatsegulidwa m'zaka za m'ma 1990, makampani ena, akunja ndi a konkuno, analowa m'bwalo. Mayina ngati Gadsden Publishers, Bookworld, Maiden Publishing House ndi UNZA Press owerenga ambiri amawadziwa.

Kayendedwe kake n'kotere. Mumatumiza zolemba zanu, kampani imawerenga, kenako imavomera kapena kukana. Ikavomera mumasainirana pangano, ndipo kuchokera pamenepo ndalama zonse zimatuluka m'thumba mwa kampani. Inu simulipira ngwee. Malipiro anu ndi chimene amachitcha royalty, ndiko kuti kagawo ka wolemba pa buku lililonse logulitsidwa. Nthawi zambiri kagawoka kamazungulira pa 10 peresenti, ndipo kamaperekedwa kamodzi kapena kawiri pachaka. Makampani akuluakulu a ku London ndi New York amaperekanso advance, ndalama ya chikole imene wolemba amalandira buku lisanatuluke, ndipo pambuyo pake amaidula ku royalty yake. Kumeneko khomo lolowera nthawi zambiri ndi ejenti, munthu wogulitsa zolemba zanu ku makampani, yemwe amatenga pafupifupi 15 peresenti ya zimene mwapeza. Kuno kwathu chikole chotere sichiwonekawoneka.

Vuto lalikulu la njirayi ndi khomo lake, ndi lopapatiza. Ndalama za mabuku mu Zambia zili ku sukulu. Buku limene lavomerezedwa ndi Curriculum Development Centre, ofesi ya boma yokonza zophunzitsa m'masukulu, limatha kugulidwa ndi boma komanso masukulu zikwizikwi, pamene nthano ya akuluakulu kapena ndakatulo zimagulidwa limodzilimodzi. Kampani ikakana nthano yanu, sikuti nthawi zonse yaona kuti ndi yoipa. Kawirikawiri yangowerengera ndalama n'kuona kuti sizibwerera msanga. Ndipo ikavomera, kudikira chaka kapena ziwiri buku lisanatuluke si zachilendo. Mutu wa buku akhoza kusintha, chikuto mwina sichikukomerani, mtengo amaika okha.

Komabe zimene kampani yabwino imapereka si zazing'ono. Imakupatsani mkonzi waluso amene simukanatha kumulipira. Ili ndi njira zake zofikira masitolo, masukulu ndi malaibulale. Makampani ena a mu Africa amagulitsa mabuku awo kunja kudzera ku African Books Collective ya ku Oxford, bungwe limene ofalitsa mabuku a mu Africa anayambitsa okha. Ndiponso mipikisano yambiri ikuluikulu imalandira mabuku okhawo amene atumizidwa ndi kampani.

Olemba ena a ku Zambia analowa pakhomoli kudzera m'mipikisano ya zolemba zosasindikizidwa. Ellen Banda-Aaku anapambana Penguin Prize for African Writing mu 2010, ndipo mphoto yake inaphatikizapo kutulutsiridwa buku. Mubanga Kalimamukwento anapambana Dinaane Debut Fiction Award, buku lake n'kutuluka mu 2019 ku Jacana Media ya ku Johannesburg. Onsewa analemba m'Chingerezi. Kwa wolemba m'Chinyanja, makomo otere ndi ochepa kwambiri.

Njira yodzitulutsira

Apa palibe amene angakukanizeni. Mukaganiza lero, miyezi itatu ikubwerayi buku likhoza kukhala m'manja. Mutu ndi wanu, chikuto ndi chanu, mtengo mumaika nokha, umwini wonse umatsala kwa inu. Ndalama zoyambira nazonso n'zanu.

Ntchito imene odzitulutsira ambiri amaidumpha ndi ya mkonzi, chifukwa ndalama yake sioneka ndi maso ngati pepala ndi inki. Ine pamenepa sindibisa mawu: kulibwino kusindikiza makope ochepa n'kulipira mkonzi kusiyana ndi kudzaza chipinda ndi makatoni a buku limene wowerenga alitaya patsamba lachisanu. Mlamu wanu wophunzitsa Chingerezi ku sekondale akhoza kukuthandizani ndi zilembo, koma adzachita manyazi kukuuzani kuti theka la bukulo lichotsedwe. Wolemba m'Chinyanja ali ndi nkhani inanso yoti agamule asanapite ku makina: kalembedwe. Masukulu a ku Zambia amalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch. Ngati mukulakalaka kuti buku lanu lidzalowe m'kalasi kuno, tsatirani kalembedwe ka masukulu a kuno. Ngati owerenga anu ali mbali zonse ziwiri za malire a Mwami, sankhani kamodzi ndipo musakasinthe pakati pa buku.

Kusindikiza kuli mitundu iwiri. Makina a offset amayamba apanga mapuleti achitsulo a masamba onse, ndipo ndalama yoyambira imakhala yaikulu, koma makope akachuluka mtengo wa buku limodzi umatsika kwambiri. Makina a digito amagwira ntchito ngati fotokope yaikulu. Amalola makope 50 kapena 100, koma buku lililonse limatuluka lokwera mtengo. Msampha uli pamenepa. Wosindikiza akakuonetsani kuti makope 1,000 amatsitsa mtengo wa buku limodzi ndi theka, mtima umathamanga, osaganiza kuti makope 700 adzagona pansi pa bedi mpaka chinyezi cha dzinja chiwapeze. Mapepala ambiri osindikizira amachokera kunja, choncho kwacha ikagwa mtengo umene anakuuzani mwezi watha umasintha. Musanalole kuti makina ayambe, pemphani kope limodzi loyesera, mulitsegule pakati mwamphamvu muone ngati guluu wa kumsana akugwira.

Pali zinthu ziwiri za m'maofesi. Choyamba ndi ISBN, nambala ya manambala 13 imene imasiyanitsa buku lanu ndi lina lililonse padziko lapansi. Mabuku a ku Zambia amadziwika ndi 9982 pambuyo pa 978. Masitolo ndi malaibulale ambiri salandira buku lopanda nambalayi. Chachiwiri ndi lamulo la Printed Publications Act, limene limafuna kuti wofalitsa buku apereke kope ku National Archives of Zambia pasanathe miyezi iwiri buku litatuluka. Mukadzitulutsira nokha, wofalitsayo ndinu.

Tsopano kugulitsa, komwe ndi ntchito yeniyeni. Pa mwambo wokhazikitsa buku zinthu zimakoma. Mlendo wolemekezeka amadula riboni n'kugula kope loyamba pa mtengo woposa weniweni kakhumi, amalume amatsatira, anzanu a kutchalitchi amaimirira pamzere, wina amalonjeza pa maikolofoni kuti atenga makope makumi awiri a ofesi yake. Olemba ena amabweza ndalama yonse yosindikizira tsiku lomwelo. Koma holo ndi zakumwa zimalipidwa, malonjezo ena safika, ndipo Lolemba likafika mabuku otsala amafuna ogula amene sakukudziwani.

Masitolo a mabuku kawirikawiri sagula kwa wolemba wodzitulutsira. Amalandira makope asanu kapena khumi, amawaika pa shelefu, ndipo amakulipirani akagulitsa, atachotsapo gawo lawo, lomwe nthawi zambiri limakhala pakati pa 30 ndi 40 peresenti. Osagulidwa amakubwezerani. Kotero wolemba amasanduka woyendayenda: uthenga pa WhatsApp, ndalama pa Airtel Money kapena MTN, kenako ulendo wa ku Intercity kukapereka kaphukusi kwa kondakitala wa basi ya ku Chipata, n'kuimbira wogula kuti basi yanyamuka. Anthu amene ali kale ndi gulu lowamvera, monga mlaliki, mphunzitsi wa zamalonda kapena wandakatulo amene amaitanidwa m'misonkhano, njirayi imawayendera bwino, chifukwa mabuku amayenda nawo m'chikwama. Wolemba nthano wamanyazi, amene luso lake lili pa pepala basi, amavutika.

Tiwerengere limodzi

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera kuti tione kayendedwe ka ndalama, inu mudzaikepo mitengo imene mwapeza. Tinene kuti buku likugulitsidwa K200, ndipo sitolo ikutenga 35 peresenti, yomwe ndi K70. Yotsala ndi K130.

Ngati muli ku kampani, pangano likati 10 peresenti ya mtengo wa pachikuto, mulandira K20 pa buku. Likati 10 peresenti ya ndalama imene kampani yalandira, mulandira K13. Mawu awiriwa amafanana powamva, koma onani kusiyana kwake.

Ngati mwadzitulutsira, tinene kuti mkonzi, woyala masamba ndi wachikuto atenga K12,000, ndipo makope 300 asindikizidwa pa K60 lililonse, yomwe ndi K18,000. Mwatulutsa K30,000 musanagulitse n'limodzi lomwe. Mukamagulitsa pamanja, ndalama yanu ibwerera pa buku la 150. Mukadalira sitolo yokha, ibwerera pa buku la 231. Mukagulitsa onse 300 pamanja, phindu ndi K30,000, ndalama imene mnzanu wa K13 uja angaipeze kampani itagulitsa makope oposa 2,300. Apa wodzitulutsira akuoneka kuti wapambana. Koma chotsanipo makope amene abale adzatenge ulere, a ngongole zosabwezedwa, mafuta ndi mabandulo a foni. Ndipo mukagulitsa 80 okha, K14,000 yalowa m'madzi, pamene mnzanu wa ku kampani, ngakhale buku lake litakanika, sanataye kalikonse kupatula nthawi. Buku lakenso likalowa m'masukulu, makope 2,300 si ambiri.

Nanga Amazon?

Amazon inatsegula njira yodzitulutsira mabuku mu 2007, ndipo lero imatchedwa Kindle Direct Publishing, mwachidule KDP. Kuika buku n'kwaulere. Buku lowerengera pafoni kapena pa kompyuta limakupatsani 35 peresenti, kapena 70 peresenti ngati mtengo wake uli m'malire amene Amazon inaika ndipo lagulidwa m'maiko amene Amazon inawaika pa mndandanda wake. Buku la mapepala amalisindikiza pokhapokha wina akaligula, kope limodzi nthawi imodzi, choncho palibe makatoni osunga. Amachotsa ndalama yosindikizira ndi gawo lawo, yotsala ndi yanu. Palinso ena ogwira ntchito yofanana, monga IngramSpark, Kobo Writing Life ndi Draft2Digital.

Zimene otsatsa aja sanena ndi izi. Ndalama imabwera patapita masiku pafupifupi 60 mwezi wa malondawo utatha. Wolemba wa kunja kwa America amadzaza fomu ya msonkho, ndipo pa malonda a ku America amatha kudulidwa mpaka 30 peresenti. Ambiri kuno amalandira ndalamazo kudzera m'makampani monga Payoneer, amenenso amadulapo kawo. Mabuku a mapepala amasindikizidwa kutsidya kwa nyanja, ndiye wowerenga wa ku Matero kapena ku Chilenje akafuna kope, ndalama yotumizira ikhoza kuposa mtengo wa bukulo. ISBN yaulere imene KDP imapereka simungaigwiritse ntchito kwa wosindikiza wa muno m'tauni. Mukalowa mu pulogalamu yawo yapadera yotchedwa KDP Select, mwalonjeza kuti kwa masiku 90 buku la pafonilo simugulitsa kwina kulikonse. Ndipo chimene chimandiwawa ine ndi chakuti pa mndandanda wa zilankhulo zimene KDP imavomereza, Afrikaans ilipo koma Chinyanja palibe.

Amazon imathandiza kwambiri ngati mwalemba m'Chingerezi ndipo muli ndi owerenga ku UK, ku America kapena kwina kumene abale athu anapita. Kungokhala pa Amazon sikugulitsa buku, pakuti pali mabuku mamiliyoni, ndipo wogula amafika pa lanu ngati wina wamutuma. Olemba ambiri amachita ziwiri: Amazon ya akunja, makope osindikizidwa mu Lusaka a owerenga a kuno. Ena amagulitsa PDF pa WhatsApp, yomwe ndi njira yotsika mtengo koposa, koma PDF ikafika m'gulu limodzi imafalikira m'magulu khumi popanda wolipira.

Amene ali pakati

Zotsatsa zambiri za pa Facebook zija ndi za gulu lachitatu: makampani amene amakutulutsirani buku inu mukalipira. Kulipira munthu kuti akugwirireni ntchito si kulakwa. Wolemba amene ali ndi ntchito ina ya tsiku lonse sangathe kuthamangira mkonzi, wachikuto ndi wosindikiza payekha, ndipo alipo makampani otere amene amagwira ntchito yooneka. Chofunika n'kudziwa kuti pamenepa ndinu kasitomala. Ndalama yawo amaipeza kwa inu, osati kwa owerenga, choncho buku likatuluka alibe chowakakamiza kuligulitsa.

Pamene pamafunika kutsegula maso ndi pamene kampani ikufuna zonse ziwiri: mulipire ndalama yonse, komanso muwapatse umwini kapena gawo lalikulu la malonda. Ngati mwalipira zonse, makope onse akhale anu, mafayilo omaliza a masamba ndi chikuto akupatseni, ndipo akaunti ya Amazon ikhale m'dzina lanu. Pemphani kuona mabuku amene anatulutsa kale, muwerenge masamba angapo, ndipo mufunse eni mabukuwo mmene zinawayendera. Kampani imene imayamikira zolemba zanu tsiku lomwelo mwatumiza, isanakhale ndi nthawi yoziwerenga, n'kutumiza invoisi madzulo ake, yakuuzani kale chimene ikufuna.

Umwini ndi pangano

Lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994 limateteza zolemba zanu kuyambira pamene mwazilemba, moyo wanu wonse ndi zaka zina 50 mutamwalira. Kulembetsa ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani ndi umwini wa zinthu zotere, kumathandiza ngati umboni pakabuka mkangano, koma umwiniwo umakhalapo kale. Ndiye kuti pepala limene mukusaina lero likhoza kukhudza ana ndi zidzukulu zanu.

Pangano likhoza kunena kuti mwagulitsa umwini wonse, kapena kuti mwangobwereketsa chilolezo chofalitsa kwa zaka zakutizakuti m'maiko akutiakuti. Zimenezi n'zosiyana kutalitali. Onani ngati chilolezocho chikuphatikiza buku la pafoni, kumasulira m'Chibemba kapena m'Chingerezi, sewero la pawailesi ndi filimu. Kampani imene ilibe njira yopangira zinthu zimenezi ilibe chifukwa chozitsekera m'kabati mwake. Onani kuti lipoti la malonda lizibwera kangati pachaka, ndiponso ngati muli ndi ufulu woona mabuku awo a ndalama. Onaninso chimene chidzachitike makope akatha ndipo kampani sikufuna kusindikizanso: pangano labwino limanena kuti pakapita nthawi yakuti, umwini wonse ubwerere kwa wolemba. Popanda chiganizo chimenechi buku limatha kufa mwini wake ali moyo, iye osaloledwa kulidzutsa.

Pepalalo mupite nalo kunyumba. Muliwerenge ndi loya, kapena ndi wolemba mnzanu amene anasainapo lotere n'kuona zotsatira zake. Kampani yoona mtima sidzakwiya mukapempha sabata imodzi yoti muwerenge, ndipo mfundo zina, monga kutalika kwa zaka, chilolezo cha kumasulira ndi chiwerengero cha makope aulere a wolemba, ambiri amalola kukambirana mukafunsa.